Ntchito ya async: ndine ndekha amene ndikugona 3 koloko m'bandakucha?

nzimbe_dev
Abale ndithandizeni maganizo, mwina ine ndi amene sindikuimvetsa ntchitoyi. Ndili pa Nchalo, ndimalemba code ya mawebusayiti pa Laravel ndi Vue, uno ndi mwezi wachinayi ndikugwirira kampani ina yaing'ono ya ku California pa kontirakiti. Pogwirizana anandiuza kuti ife timagwira async, palibe zoti nonse mukhale pa intaneti nthawi imodzi, iwe gwira nthawi yako ife tigwira yathu bola ntchito iziyenda. Ndinasangalala kwambiri poti kuno mukudziwa kale magetsi ndi netiweki sizipanganika. Koma zomwe zikuchitika ndi zina. Iwo akamayamba ntchito 9 koloko m'mawa kuno imakhala 6 koloko madzulo, akamaweruka 5 koloko kuno ndi 2 koloko usiku. Ndiye ndimagwira masana onse, madzulo ndimakhalanso pa Slack (app yomwe timalemberana mauthenga a ntchito) kudikira mwina afunsa kanthu, ndimagona cha m'ma 3, ikamakwana 7 malata ayamba kale kuwotcha tulo tathera pomwepo. Thupi lafooka, mutu sukugwira, madamu akudandaula kuti m'nyumba muli munthu koma ngati mulibe. Sabata yatha magetsi anazima masiku awiri, batire inatha, foni inathanso, nditabwerera ndinapeza mauthenga 14 ndipo womaliza bwana walemba kuti sakudziwa ngati angapitirize kundidalira. Zandiwawa chifukwa ntchitoyo ndinali nditamaliza kale, inali mu laputopu momwemu. Kodi async yomwe amanenayi ndi iyiyi kapena pali pomwe ndikulakwitsa? Amene mwakhalitsa m'zimenezi ndiuzeni chonde.

Mtayamoyo
Aise async ndi dzina chabe. Amene akukulipira akafuna yankho amalifuna pompo. Ine makasitomala a ku America ndinawasiya pa chifukwa chomwechi, thanzi ndi lofunika kuposa madola.

dada_Flutter
Pepani achimwene, zowawa ndithu. Koma ndikufunseni kaye, magetsi asanazime munali mutapusha zomwe munalembazo, ndiko kuti kuzitumiza pa GitHub pomwe timasungira code pa intaneti kuti iwo azione? Nanga munawasiyira uthenga uliwonse wonena pomwe mwafika?

nzimbe_dev
Ayi chemwali sindinapushe, ndimafuna ndimalize kaye matest kuti akaona aone chinthu chathunthu. Uthenga sindinalembenso, ndimaona ngati magetsi abwera pakangopita maola awiri.

dada_Flutter
Apo ndiye pagona nkhani. Sindikukudzudzulani ayi, inenso zinandionekera ndili ku Bangula kuno chaka changa choyamba. Taganizani munthu ali kutali, sanafikeko ku Malawi, sakudziwa kuti Nchalo ili pati, zomwe akuona ndi GitHub yomwe yakhala chete masiku awiri ndi Slack yomwe simukuyankha. Sakudziwa kuti mwadwala, mwathawa, kapena mwapeza ntchito ina. Masiku awiriwo si amene anamupweteka, chamupweteka ndi kusadziwa. Ine lamulo langa ndi lakuti sindidzuka pa mpando ndisanapushe, ngakhale code yake ikhale yosatha, ndimatsegula draft pull request (tsamba loonetsa anzako code yomwe sinathe) n'kulembapo kuti izi zatha, izi zatsala, mawa ndiyambira apa. Ndiye magetsi akazima usiku ntchito ili kale kwa iwo, wina atha kuipitiriza ngati ili yachangu. Chinanso ndinawauza tsiku loyamba lenileni kuti ndimakhala kudera komwe magetsi amatha kuzima tsiku lathunthu, mukandisowa maola 24 musade nkhawa, akakwana 48 nayi nambala ya mng'ono wanga wa ku Blantyre. Anandithokoza chifukwa chonena zoona, mpaka lero ndikugwira nawo, chaka chachitatu.

Mtayamoyo
Inu munapeza kasitomala wabwino basi. Ena ukangotchula zoti magetsi amavuta, mawa lake apeza wina wa ku India kapena ku Philippines.

dada_Flutter
Oterowo alipo, sindikukana. Koma ameneyo adzakusiyanibe tsiku lomwe adzazindikire yekha, ndiye bola akusiyeni poyamba musanamugwirire miyezi itatu.

AgogoPHP
Ana anga ndiloleni ndiyankhulepo motalikirako, ntchito imeneyi ndinayamba tikugwiritsabe ntchito dongle. A nzimbe_dev, vuto lanu ndikuliona pawiri. Loyamba ananena kale chemwaliwa. Lachiwiri ndi lakuti inuyo mwadzipatsa nokha ntchito ya ulonda yomwe palibe anakupatsani. Tabwererani mu Slack muwerenge, kodi pali pomwe bwanayo analemba kuti muzikhala maso mpaka 2 koloko? Ndikukayika. Chomwe chimachitika ndi ichi, sabata yoyamba mumafuna kuoneka akhama ndiye uthenga ukabwera 11 koloko usiku mumayankha pa mphindi ziwiri, sabata yachiwiri chimodzimodzi, pofika mwezi iwo azolowera kuti uyu amapezeka nthawi zonse, asiya kulemba zomveka bwino poti akudziwa kuti mufunsa ndipo ayankha pompo. Mwawaphunzitsa nokha, ndipo mungathe kuwaphunzitsanso zina.

Async yeniyeni ndi ntchito yolemba. Code ndi theka chabe, theka linalo ndi mauthenga. Funso limodzi lolembedwa mwachidule limadya tsiku lathunthu, chifukwa mukalemba 3 koloko masana kuti "apa ndipange bwanji?" iwo akugona, adzuka ayankha kuti "pati?" inu mukugona, mwadzuka mwafotokoza, iwo akugonanso, masiku awiri apita palibe chachitika. Ndiye funso lililonse lizikhala lokwanira lokha. Mwachitsanzo dzana ndinalembera kasitomala wanga motere, ndikumasulira m'Chichewa: pa tsamba lolipirira, munthu akaika coupon kawiri mtengo ukutsika kawiri, nayi screenshot ndi masitepe oti muone nokha. Njira zilipo ziwiri, kukana coupon yachiwiri kapena kuchotsa yoyamba n'kusiya yatsopano. Ine ndasankha njira yoyamba chifukwa ndi yomwe ikugwirizana ndi zomwe munalemba mu ticket (pofotokozera ntchito yomwe ikufunika), ndapusha kale pa branch yakuti, ngati mukufuna njira yachiwiri ndiuzeni ndi ntchito ya ola limodzi. Mwaona? Iye akadzuka angoyankha kuti eya kapena ayi, ine sindinaime kudikira, ndipo sindinafunikire kukhala maso.

Izi si zachilendo m'ntchito yathuyi. Git, pulogalamu yosungira code yomwe tikugwiritsayi, anailemba Linus Torvalds mu 2005 chifukwa cha Linux, yomwe amalemba anthu obalalika dziko lonse osakumana, ndipo anaipanga moti umatha kukomita popanda intaneti n'kudzapusha ukapeza netiweki. Kampani ya GitLab ilibe ofesi yoti onse azipitako, ndipo handbook yawo ili poyera pa intaneti, aliyense atha kuwerenga momwe amagwirira ntchito osadikirana. Mukapeza bandulo kawerengeni gawo la zoyankhulana, muphunziramo zambiri.

thabwa01
Agogo mwandithandiza ndi ine ndemwe. Ine ndimangolemba "hi" n'kudikira ayankhe kaye ndiye ndifunse.

AgogoPHP
Imeneyo siyani lero lomwe mwana wanga. Moni ndi funso zizipita mu uthenga umodzi. Kwathu kuno timayamba ndi kufunsana za kunyumba, n'zabwino, koma pa async moni wayekha wakudyerani maola 12.

Nyamithuthu_js
Ine ndili ndi maganizo osiyana pang'ono. Zomwe akunena agogozi zimayenda kwa munthu amene waidziwa kale ntchito. Koma kwa ife amene tangomaliza kumene ku MUBAS kapena ku MUST async ndi yowawa, chifukwa ukakakamira pa bug (vuto la mu code) sudziwa n'komwe kuti ufunse chiyani. Mu ofesi ukanangotembenuka n'kumuonetsa mnzako screen mphindi zisanu zatheka, pano umakhala wekha m'chipinda ku Nsanje kuno tsiku lonse ukulimbana ndi kanthu komwe senior akanakaona kamodzi. Ndinataya kontirakiti yanga yoyamba chifukwa cha zimenezi, ndinachita manyazi kufunsa kachitatu ndiye ndinangokhala chete masiku anayi ndikuyesa ndekha. Sindikuganiza kuti async ndi ya aliyense, ndipo amene amatiuza kuti phunzirani coding miyezi isanu ndi umodzi muyambe kudya madola mbali imeneyi satiuza.

dada_Flutter
Apa mwanena zoona zokhazokha. Kwa ongoyamba ndimalangiza kuti jambulani kavidiyo ka screen ka mphindi ziwiri kapena zitatu pa Loom kapena OBS, muzionetsa chomwe mukudina ndi error yomwe ikutuluka. Ngakhale musadziwe dzina la vutolo, woona adziwa. Komanso dziikireni malire, ola limodzi mukulimbana nazo osasuntha, lembani funso, pitani pa ticket ina.

Nyamithuthu_js
Kavidiyo kameneko kuti kakwere ndi netiweki ya kuno ndi nkhani inanso chemwali. Nthawi zina ndimachita kukwera kabaza kupita pa boma kuti ndikapeze pomwe ikukoka.

thabwa01
Bwanji osasonkherana Starlink, intaneti ya pa satelayiti? Inafika ku Malawi mu 2023. Ife tilipo anayi, tinagula limodzi, aliyense amaponya gawo lake pa mwezi, tinaiyika panyumba ya mmodzi yemwe ali ndi mpanda. Chiyambireni nkhani ya kupusha kapena ma call sinativutenso.

Sola_Ngabu
Starlink ndi yabwino koma anthu amaiwala kuti nayonso imadya magetsi, ndipo vuto la a nzimbe_dev linali magetsi osati netiweki. Ndiloleni ndiwerengere poti ntchito yanga ina ndi yoika masola. Batire ya 100Ah pa 12V ndi 1200Wh papepala, koma ngati ndi ya lead acid kapena gel simuyenera kuitsitsa kupitirira theka, ndiye yanu yeniyeni ndi 600Wh. Laputopu ikamagwira ntchito tinene 50W, ka router 10W, fani 40W poti kuno mu Okutobala popanda fani sukhala, zonse 100W, ndiye maola 6 basi, inveta isanadyepo gawo lake. Mukawonjezera dish yaikulu ya Starlink yomwe imakoka pakati pa 50 ndi 100W maolawo atsika kufika atatu kapena anayi. Ndiye amene mumagwira usiku ngati achimwenewa mukudalira batire nthawi yomwe dzuwa kulibe, pomwe masana mapanelo akungotaya mphamvu. Kuno ku chigwa chinthu chomwe tili nacho chosasowa ndi dzuwa. Gwirani kuyambira 5 m'mawa kukadali kozizirirako, pofika 8 panelo yayamba kukoka, mukugwiritsa ntchito uku batire ikudzaza. Chinanso kutentha kumapha mabatire a lead msanga, ku Ngabu kuno kukafika madigiri 40 batire yomwe ku Dedza ikanakhala zaka zingapo imafooka changu, musaiyike m'chipinda cha malata chotseka, ipezereni pamthunzi podutsa mphepo. Amene mungakwanitse lithium gulani, mtengo ndi wokwera koma mumaigwiritsa ntchito pafupifupi yonse.

nzimbe_dev
Yanga ndi gel ya 100Ah yomweyo, panelo ndilibe, ndimachajira magetsi a m'nyumba. Ndiye n'chifukwa chake inatha tsiku loyamba lomwelo.

Sola_Ngabu
Malipiro akubwerawa yambani ndi panelo ndi controller achimwene, zina zonse pambuyo. Mukumbukire 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira kuno ku Chikwawa komwe, pafupifupi 130 megawatts zinachoka pa gridi ndipo kukonza kunatenga kupitirira chaka. Amene tinali ndi masola ndi amene tinapitiriza ntchito.

kaLengwe
Poti mwatchula malipiro ndifunse nawo, inu ndalama mumalandira bwanji? Ine ndangopeza kasitomala woyamba ndipo sindikudziwa kuti ndimuuze atumize pati.

AgogoPHP
Ambiri timadutsira Payoneer kenako ku banki, ena kasitomala amatumiza molunjika ku banki pa SWIFT, kumeneko machaji amakhala okwera ndiye ndi bwino kuphatikiza invoice ya mwezi wonse osati katikati. Mtengo muzitchula mu madola kapena ma euro, osati makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene anagwirizana mtengo wa makwacha pa pulojekiti ya miyezi itatu analira. Ndipo katengeni TPIN ku MRA, muzisunga ma invoice anu onse, tsiku lomwe banki idzafunse komwe ndalama zikuchokera mudzangotulutsa mapepala.

Mtayamoyo
Zopweteka ndi rate ya ku banki poyerekeza ndi mitengo ya zinthu m'mashopu. Laputopu ukamagula amakuwerengera rate ina, madola ako akamalowa amawerengera ina.

kaLengwe
Nanga pa Upwork, webusayiti yopezerapo makasitomala, bola hourly (kulipidwa pa ola) kapena fixed price (mtengo umodzi wa ntchito yonse)?

dada_Flutter
Kwa ife a kuno ine ndimati fixed price yokhala ndi ma milestone, ndiko kuti ntchito yogawidwa m'magawo olipidwa paokha. Hourly imafuna uyatse tracker yawo yomwe imajambula screen yako kamodzi pa mphindi 10 zilizonse, ndiye nthawi yomwe umaganiza uli pakhonde kapena kujambula database papepala magetsi atazima siiwerengeka bwino. Pa milestone kasitomala amaika kaye ndalama mu escrow (zimasungidwa ndi Upwork), iwe umagwira nthawi yomwe ukufuna, ukapereka ntchito amamasula. Koma chenjerani, lembani bwinobwino zomwe zili mu milestone iliyonse, apo ayi azingowonjezera tizinthu mpaka mudzagwira kawiri pa mtengo umodzi.

Mlamba_wa_Shire
Ine sindigwirizana ndi fixed price. Ndinagwirapo app ya sukulu ina ya kunja, tinagwirizana masabata atatu inatenga miyezi iwiri chifukwa API yawo yakale inali yosalongosoka ndipo palibe anandiuza. Hourly ikanandipulumutsa. Fixed ndi ya ntchito yomwe waiona mkati mwake kale.

dada_Flutter
Ndiye milestone yoyamba izikhala yofufuza, yolipidwa payokha, masiku awiri kapena atatu muone mkati mwa code yawo musanatchule mtengo wa zotsalazo.

Mlamba_wa_Shire
Imeneyo ndiye nzeru, ndikanaidziwa nthawi imeneyo.

mwana_wa_Makhanga
Pepani ndikupatutsani pang'ono koma nkhani ya a nzimbe_dev yoti madamu akudandaula yandikhudza. Vuto lina la ntchitoyi kumudzi kuno ndi lakuti anthu sakhulupirira kuti ndi ntchito. Ukakhala pakhomo masana amati ulibe chochita, ndiwe wotumidwa kuchigayo, kukaperekeza odwala, kukaona mbuzi zalowa m'munda mwa eni. Ukakana akuti wayamba kunyada. Ndiye usiku akaona nyale ikuyaka m'chipinda mwako mpaka tambala kulira, mwezi ukatha wagula malata, mphekesera zimayamba zoti mwanayu ali ndi zizimba. Mayi anga enieni anachita kundikhazika pansi akulira kundifunsa komwe ndalama zikuchokera. Ndinawatenga n'kuwakhazika pa mkeka pafupi ndi ine, ndinawaonetsa app yomwe ndimakonza, ndinasintha mtundu wa batani kuchoka wobiriwira kukhala wofiira iwo akuona pa foni yawo, kenako ndinapempha kasitomala wanga mayi wina wa ku Netherlands kuti awapatse moni pa video. Kuyambira tsiku limenelo ndi mayi amene amathamangitsa ana pakhomo kuti achimwene anu ali pa ntchito.

thabwa01
Zimenezi zinandichitikiranso, ine anafika pokauza abusa.

AgogoPHP
Musawakwiyire makolo, kuno ntchito yomwe anthu akuidziwa ndi ya ku nzimbe, ya thonje, ya m'boma, yoti munthu amadzuka n'kupita. Muziwaonetsa monga anachitira mnzathuyu. Komanso maliro ndi maliro, mudzapita basi, ndipo apa ndi pomwe async imatikomera ife kuposa ntchito ya mu ofesi. Ine ndikamva uthenga wa zovuta ndimalemba mizere itatu, kwagwa maliro pa banja, ndibwerera Lachinayi, zomwe zatsala ndi izi ndipo palibe chomwe chikutsekereza ena. Palibe kasitomala anandikanizapo.

mwana_wa_Makhanga
Nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 ine ndinasowa masabata awiri athunthu. Madzi analowa usiku, laputopu ndinaikulunga m'mapepala apulasitiki atatu n'kuinyamula pamutu, china chilichonse chinapita. Ku kampu kunalibe pochajira, netiweki inkabwera ndi kupita. Chomwe chinandisungira ntchito ndi chakuti kutatsala masiku awiri nditamva chenjezo pa wailesi ndinapusha zonse, ndinalemba README (fayilo ya malangizo) ya momwe angayendetsere deploy (kuika code yatsopano pa site yomwe anthu akugwiritsa ntchito) popanda ine, ndi ma password onse ndinaika mu vault yawo. Nditapeza foni yobwereka ndinatumiza mzere umodzi wokha kuti ndili moyo. Nditabwerera ntchito inali ikundidikira, ananditumiziranso kangachepe kothandizira. Ndiye a nzimbe_dev, dzinja likubwerali, amene tili m'mbali mwa Shire ndi Ruo tisadikire madzi afike pakhomo kuti tilembe zinthu zimenezi.

Mtayamoyo
Apa ndagonja pang'ono. Komabe ine ndikuti kasitomala wa ku California ndi wovuta kwa munthu wa kuno, kusiyana maola 9 n'kwambiri. Bwanji osasaka a ku Ulaya? Germany nyengo yawo yotentha nthawi yawo ndi yofanana ndi yathu, nyengo yawo yozizira timasiyana ola limodzi lokha. London ola limodzi kapena awiri. Johannesburg palibe kusiyana chaka chonse, Nairobi ali patsogolo ndi ola limodzi. Umagwira masana ngati munthu, usiku n'kugona.

dada_Flutter
Zoona koma dziwani kuti nthawi ikafanana ndi pomwe amakonda ma call. Wanga wa ku Berlin poyamba ankafuna standup pa Google Meet tsiku lililonse 10 koloko, netiweki ikadula pakati pa chiganizo manyazi ake osanena. Ndinapempha kuti ine ndizilemba standup yanga, dzulo ndapanga izi, lero izi, chonditsekereza ndi ichi. Patapita mwezi timu yonse inayamba kulemba, call inatsala kamodzi pa sabata. Pomwe kusiyana maola 9 kuli ndi ubwino wake ukakugwiritsa bwino ntchito, iwo amalemba zofuna zawo akamaweruka, iwe ukudzuka uzipeza, ugwire tsiku lonse popanda wokusokoneza, iwo akudzuka apeza zatheka. Ntchito imayenda usana ndi usiku popanda wina kusala tulo.

Nyamithuthu_js
Nanga production, site yeniyeni yomwe anthu akugwiritsa ntchito, ikagwa iwe uli mtulo?

AgogoPHP
Funso labwino. Zimenezo muzigwirizana padera ndipo zilembedwe. Zachangu zenizeni, monga site yagwa kapena anthu akulephera kulipira, aziimba foni kapena WhatsApp call, osati Slack. Zina zonse zidikire m'mawa. Ngati akufuna muzikhala tcheru usiku ndiye kuti ndi on-call ndipo imalipidwa payokha. Komanso musapange deploy mukupita kogona kapena Lachisanu madzulo, pangani m'mawa kuti chikaphulika muli maso tsiku lonse.

kaLengwe
Koma kusungulumwa inu simukumva? Ine sabata imatha osayankhula ndi munthu wodziwa kuti merge conflict n'chiyani.

thabwa01
Bwerani kwathu Loweruka, pa Thabwa si patali. Timakhala anayi aja, aliyense pa ntchito yake, masana timadya limodzi. Amene muli mbali ya Nchalo ndi Ngabu mungathe kupanga zomwezo, simufunika ofesi, khonde ndi extension basi.

Sola_Ngabu
Ine khonde ndili nalo ndi magetsi osazima, amene ali pafupi andipeze ku inbox.

nzimbe_dev
Abale takhuta, ndawerenga zonse kawiri. Ndinabwerera mu Slack monga ananenera agogo ndipo n'zoona, palibe pomwe anandiuza kuti ndizidikira usiku, ndinayamba ndekha. Dzulo ndinalemba uthenga wautali kwa bwana uja. Ndinapepesa chifukwa chokhala chete, sindinanamizire matenda, ndinafotokoza za magetsi momwe zilili kuno ndi zoti ndikugula panelo mwezi uno. Ndinalemba kuti ndizigwira kuyambira 5 m'mawa mpaka 1 koloko masana nthawi ya kuno, tsiku lililonse ndisanatseke ndizipusha ndi kusiya lipoti lalifupi, Lolemba ndi Lachinayi ndizipezeka 6 mpaka 7 madzulo ngati pali zokambirana pakamwa, zachangu aziimba foni, ndipo ndinapereka nambala ya mlamu wanga wa ku Limbe. Ndinatumiza n'kuzimitsa laputopu 9 koloko, koma kunena zoona tulo sitinabwere, 2 koloko ndinadzidzimuka dzanja lili kale pa foni, madamu ndi amene anailanda n'kuiyika mu kabati. M'mawa ndapeza wayankha kuti izi ndi zomwe ankafuna kuyambira pachiyambi, koma wawonjezera kuti mwezi uno akhala akuona kaye ngati ndikwanitse asanawonjezere kontirakiti. Ndiye sindinganene kuti zatha, mtima udakali m'mwamba.

Mtayamoyo
Mwachita bwino amwene. Koma musasiye kusaka kasitomala wachiwiri, mmodzi yekha akatsokomola inu mwagona ndi njala.

dada_Flutter
Lipoti lija muzilemba ngakhale tsiku lomwe palibe chayenda. Kulemba kuti lero ndayesa njira ziwiri zonse zakanika, mawa ndiyesa yakuti, ndi lipoti ndithu. Masiku amenewo ndi omwe mtima umafuna kubisala.

Nyamithuthu_js
A nzimbe_dev mungatigawireko uthengawo mutachotsa maina? Ndikufuna ndilembe wofanana nawo kwa wanga.

nzimbe_dev
Ndikutumizirani ku inbox madzulo ano.

AgogoPHP
Chimodzi musaiwale pa ola lanu la Lolemba ndi Lachinayi lija. Ku America amabweza mawotchi ola limodzi Lamlungu loyamba la Novembala, ife kuno sitisintha, ndiye 9 koloko yawo idzakhala 7 koloko madzulo kuno mpaka Lamlungu lachiwiri la Malichi. Mufunseni sabata ino kuti asunthe ndani, inu kapena iyeyo, ndipo pa kalendala muike nthawi ya onse awiri.